Bodza Limodzi pa Tsiku

Senga Bay, 6 Meyi 2024

Mdzukulu wanga Limbani,

Ndayamba ndi moni. Kaya iwe uli bwanji ku Joniko, ife kuno tadzuka. Kalatayi ndapatsira a Omari, aja amanyamula katundu wa anthu pa lole yawo, chifukwa foni ndinaikana ndipo ndikuikanabe. Foni ya pakhomo pano ili m'manja mwa Alinafe, mkazi wa malume ako, ndipo mawu ukawalankhulira m'menemo, dzuwa lisanapendeke amakhala atafika kale ku Maganga atavala ndi nsapato zomwe. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma cholembera chimandimvera kuposa ana amene ndinabereka.

Za kuno ndi zomwe zija. Mwera wayamba msanga chaka chino, maboti akugona pamtunda, usipa ukusowa. Pamatandala anga oyanikira pakugona mphaka. Mbuzi ija unkati ndi yako yaswa ana awiri, mmodzi wafa, wotsalayo ndi wakuba ngati mwini wake.

Agogo ako aamuna, a Lameck, ali bwino. Akudya, ngakhale kuti ndi pang'ono. Masiku ano sapitanso kudoko kukakonza injini za maboti, akuti achinyamata nawo aphunzire. Amangokhala pakhonde nkhope italoza kochokera mphepo. Bokosi lawo lachitsulo lija, la magazini achizungu a makina, sakulitsegulanso. Iwe ukudziwa kuti zaka zonsezi ine ndakhala pa mitala ndi bokosi limenelo. Wophika ndine, wochapa ndine, mkazi mnzangayo amangogona kunsi kwa bedi osagwira kanthu, koma bambo akaweruka woyamba kufunsidwa ndi iyeyo. Tsopano nayenso wasiyidwa. Ndinafunsa kuti, "Kodi akazi anu aang'ono aja mwawasudzula?" Anati, "Zonse zili m'menemo ndinaziona kale." Basi.

Ukapeza kangachepe utikumbuke. Utumizenso jekete yokhuthala ya agogo akowa, pakuti munthu wongokhala amazizidwa kuposa woyenda. Ine usanditumizirenso nsalu ya maluwa ofiira, sindine galimoto ya ukwati.

Nanga mkazi unapeza, kapena ukudikirabe ine? Ndikuuziretu, mwamuna wanga iwe, wolima maluwa a azungu osadyedwa ine sindimufuna.

Ndine agogo ako,
Enifa Nankhoma


Johannesburg, 26 Meyi 2024

Agogo anga okondedwa,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndaseka mpaka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anafunsa ngati ndapenga. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kuno kwafika poipa, m'mawa madzi akumaundana m'paipi yothirira maluwa. Jekete ndatumiza, kangachepe kaja kali m'thumba lam'kati.

Koma chachikulu ndi katoni imene a Omari akutsitsireni. Musadabwe kulemera kwake. Mwati agogo atopa ndi magazini awo chifukwa zonse anaziona kale. Ndiye taonani mwayi. Abwana anga, gogo mnzanu wachizungu, amuna awo anamwalira chaka chatha, ndipo sabata yatha anandiuza kuti ndisese m'galaja, zonse nditaye. Kuseri kwa matayala akale ndinapeza milu ya magazini a mtundu womwe uja wa agogo, a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, koma ena amene agogo alibe. Nditatsegula imodzi, fungo lake lokha linandibweza pakhonde pathu ndili wamng'ono, agogo akundionetsa injini yodulidwa pakati n'kumati, "Ona Limbani, chilichonse chili ndi m'kati mwake."

Ndinapempha, anati tenga. Ndakhala ndikuwerenga Lamulungu lililonse. Agogo, anthu amenewa anali ndi chikhulupiriro. Analemba kuti pofika chaka cha 2000 aliyense azidzapita kuntchito akuuluka, ndipo kumunda azidzalima ndi makina mwini wake atakhala pampando. Ine ndimawerenga zimenezi nditaweruka kokankha wilibala. Koma sindikwiya nawo. Ndimawamvera chisoni pang'ono, kwinaku ndikuwasirira. Chinthu chikawonongeka sankataya. Ankajambula mmene ungachimasulire, sikuluwu ndi sikuluwu, ngati akudziwa kuti wowerengawe uli ndi manja ndi mutu. Foni yangayi ikafa, palibe amene angandionetse m'kati mwake.

Muwauze agogo ayambire ya chikuto chobiriwira, pali boti lodabwitsa. Akaona andilembere maganizo awo.

Za mkazi, ndimadikira inu, koma poti mwandikana ndiyamba kuyang'ana kwina.

Ndine mdzukulu wanu,
Limbani


Senga Bay, 16 Juni 2024

Limbani,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo. Tadzuka. Jekete yafika, yawakwana. Katoni nayo yafika. A Omari ndi anzawo awiri anachita kuinyamula ngati maliro, anthu n'kumatsatira pambuyo poganiza kuti mwabwera shuga ndi sopo. Alinafe anafika ndi beseni. Titatsegula, mapepala. Beseni linabwerera lopanda kanthu, ndipo tsiku lomwelo ku Maganga konse kunamveka kuti mdzukulu wa Nankhoma wakweza zinyalala za azungu pa lole.

Iwe unafika Fomu 4 koma kalata sudziwa kuwerenga. Munthu akakulembera kuti nkhalamba yasiya ntchito imene imaikonda, yachepetsa kudya, yasiya ndi mkazi wake wa m'bokosi yemwe, iwe umati yatopa? Agogo ako saona. Ng'ala yaphimba maso onse awiri. Linayamba lakumanzere chaka chatha, lakumanja latsatira nthawi ya mvula. Amangosiyanitsa usana ndi mdima. Anandiletsa kukuuza, akuti wa kutali sauzidwa matenda, angagwe pa makwerero a azungu ndi nkhawa. Ine ndinamvera, koma ndinakusiyira chitseko chotsegula kuti ulowe wekha. Iwe walowera pawindo, ndi katoni kumutu.

Ndinawauza kuti Limbani watumiza magazini. Anati ndiwapatse imodzi. Anaigwira, anainunkhiza, anatsegula, anayendetsa chala papepala. Kenako anaitseka bwinobwino n'kundibwezera. "Ikani poti chiswe chisafike." Tsiku limenelo sanadye.

Tsono imva. Salome, mlangizi wa zaumoyo uja, akuti mwezi wa Ogasiti kuchipatala cha ku boma kubwera madokotala a maso, ochotsa ng'ala mwaulere. Amakhala sabata imodzi, akapita ndiye mpaka chaka chamawa. Dzina la agogo ako analemba. Iwo akana. Akuti anamva kuti amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akutsegula mimba za injini, akuopa kuti wina angamutsegule iye. Ndinawaitanira a Habiba a kuseri kwa mzikiti, amene anachotsedwa ng'ala chaka chatha ndipo pano amalowetsa okha ulusi pa singano. A Habiba anati, "Wallahi a Lameck, tandiyang'anani, kodi ine ndikulira mee?" Iwo anati, "Ndikuyang'aneni ndi chiyani?" Nkhani inathera pomwepo.

Masipanala awo agawa kale kwa anyamata a kudoko. Dzulo amafunsa malume ako za matabwa, ndipo si a boti.

Ine sindikakamiza munthu. Ndakhala nawo zaka zoposa makumi asanu, ndikudziwa kuti ukawakoka amakhala pansi ngati mbuzi yopita kumsika. Katoni yako ndaiika pa njerwa. Mapepala ake ndi abwino, okhuthala. Usipa ukayamba kugwidwa ndizikulungira makasitomala.

Agogo ako,
Enifa


Johannesburg, 3 Julaye 2024

Agogo,

Moni. M'thupi ndili bwino, koma kalata yanu yandikwiyitsa. Chaka chathunthu agogo akuchita khungu, inu n'kumandilembera za mbuzi? Mwati wa kutali sauzidwa matenda. Nanga wa kutaliyo amauzidwa chiyani, tsiku la maliro? Pa Khirisimasi ndinalankhula nawo pa foni ya anti Alinafe, anandiuza kuti angochoka kudoko manja ali mafuta okhaokha. Ine ndinakhulupirira.

Ndachita manyazi ndi katoni ija. Ndimangoganiza chala chawo chikuyenda papepala. Chonde ichotseni m'nyumbamo. Kulungirani usipa, yatsirani moto, chitani chilichonse, isawapwetekenso mtima.

Za kuchipatala musawanyengerere. Malume abwereke galimoto, apeze anthu anayi awanyamule. Akwiye, koma akwiye akuona. Ndikanabwera ndekha, koma mukudziwa za mapepala anga, ndikatuluka dziko lino kulowanso n'kovuta.

Mundiyankhe msanga, ndipo ulendo uno mundiuze zoona zokhazokha.

Limbani


Senga Bay, 30 Julaye 2024

Mwamuna wanga wokwiya,

Tadzuka. Kalata yako yafika dzana, inakagona ku Tete kumene lole ya a Omari inathyoka chitsulo cha kunsi. Ukali wako wafika utazizira ngati phala la dzulo, komabe ndamwa. Za kunyamula agogo ako anthu anayi, bwera udzayambe ndiwe kugwira mwendo. Za kuyatsira moto magazini, wachedwa. Wati ndikuuze zoona zokhazokha. Chabwino, ngakhale kuti mwezi uno zoona ndi bodza zikudyera mbale imodzi pakhomo pano.

Zinayamba chonchi. Mwera utapuma pang'ono, usipa unagwidwa, ine ndinatenga magazini imodzi kuti ndithothole mapepala okulungira. Ndinakhala pakhonde, agogo ako ali pampando wawo. Ndisanang'ambe ndinayang'ana. Ndinati, "Ha! Koma azungu." Iwo anati, "N'chiyani?" Ndinati palibe. Patapita kanthawi anatinso, "Mwati azungu atani?" Ndinati, "Pali bambo wavala tayi, wakhala m'beseni, pamutu pake pali mapiko ozungulira, akuuluka pamwamba pa nyumba. Mkazi wake ali pansi akumubayibitsa ndi kansalu, ndipo nkhope yake ikuoneka kuti sakufuna kuti abwerere." Anati, "Mafuta amathira pati?" Ndinati sindikuona. "Yang'anani kunsi kwa mpando." Ndinayang'ana. Kathanki kanalipo.

Tsiku limenelo usipa ndinakulungira m'nyuzipepala zopempha.

Kuyambira pamenepo ndalembedwa ntchito yopanda malipiro. Chizungu sindiwerenga, koma chithunzi chilibe chilankhulo. Salome anayesa tsiku lina kuwawerengera mawu ake, anawerenga bwino ngati wa pawailesi, agogo ako anagona. Iwo amafuna zojambula zija, injini yodulidwa pakati ngati papaya, matumbo onse ali poyera. Ine ndimati, "Pali kachikho kozondoka, kunsi kwake alumikizako fupa la mwendo wa nkhuku." Iwo amati, "Pisitoni imeneyo, mayi inu, ndi ndodo yake." Ndimati, "Ngati mukuidziwa mukundivutitsiranji?" Amati, "Pitirizani."

Ndikuuze, mkazi mnzanga uja ndinkamuda ndisanamuone nkhope. Muli anthu m'menemu. Onse ndi osekerera, ngakhale wokumba dzenje. Muli mayi wavala nsapato za gogoda, akuyang'ana makina otsuka mbale ngati akuyang'ana mwana wake woyamba. Muli mudzi wa pansi pa nyanja, nsomba zikusuzumira anthu pawindo, osadziwika kuti ndiwo ndi ndani. Muli bambo wina wa kapaipi ka fodya pakamwa amene akukhoma boti m'nyumba mwake, mwezi uno nthiti, mwezi winawo matabwa a m'mbali, ndipo ine ndikudikira kuona kuti adzalitulutsira pati, pakuti chitseko ndi chaching'ono. Anthu onsewa anafa kalekale, koma m'menemu akadali otanganidwa ndi mawa. Zimenezi zimandikhazika mtima pansi, chifukwa chake sindikudziwa.

Mlandu unabwera ndi boti lako la chikuto chobiriwira. Ndinati, "Boti ili lilibe pulopela m'madzi. Injini ili pamwamba, kumbuyo kuli chifani chachikulu m'khola la waya, ndipo likuthamanga pamwamba pa bango, poti ngakhale bwato silingadutse." Anati, "Bodza." Ndinati ndi zimene ajambula. Anati, "Ine ndakonza maboti kuyambira ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota. Boti limakankha madzi. Mwayamba kundipekera nthano chifukwa sindiona." Anaitana Alinafe kuti aone. Alinafe anasuzumira ali chapatali n'kuti, "Ndi ndege, bambo." Anaitana malume ako, iye anati ndi chigayo. Mboni ziwiri, nkhani zitatu.

Tsono poti anditcha wabodza ndili wosalakwa, ndinati dzina limeneli lisapite pachabe. M'mawa mwake nditamaliza kuwafotokozera masamba a tsikulo, ndinatseka magazini n'kunena kuti, "Pa zonse ndakuuzani lerozi, chimodzi ndanama. Pezani nokha." Ndinanyamuka kukayanika usipa.

Limbani, nkhalamba ija sinagone masana. Pobwerera ndinaipeza ikulankhula yokha. "Wailesi ya m'chipewa ingatheke. Galimoto yoyandama ingatheke. Koma nyumba yozungulira yotsatira dzuwa, mapaipi a madzi angayende bwanji?" Anati bodza ndi nyumbayo. Ndinati kaya. Tsiku lililonse ndikuchita chimodzimodzi, ndipo sindiwauza ngati alasa kapena aphonya. Vuto lawo ndi lakuti m'magazini amenewa zoona zake n'zamisala kale, ndiye bodza alidziwira pati? Akudya tsopano, chifukwa munthu sangakangane ali ndi njala. Atuma malume ako kukalanda sipanala imodzi kwa anyamata aja, akuti anangobwereketsa. Za matabwa sakunenanso.

Za kuchipatala sindinatchulepo ngakhale kamodzi. Madokotala afika pa 12.

Agogo ako,
Enifa


Johannesburg, 8 Ogasiti 2024

Agogo,

Moni, ine ndili bwino. Kalata yanu ndawerenga kawiri. Koyamba ndinaseka, kachiwiri ndinaleka. Munthu wosaona mukumunamiza dala? Kodi si nkhanza zimenezo? Chonde muwawerengere mawu awa monga ndalembera:

Agogo, ndine Limbani. Boti lija ndi loona, ndinaliona ndi maso anga ndipo nkhani yake ndinawerenga. Limakankha mphepo m'malo mwa madzi. Nyumba yozungulira nayo ilimo. Musavutike mtima. Chilichonse chimene mukukayika muzifunsa ine, ndizikuuzani.

Masiku a madokotala akwana ndipo inu mukuti simunatchulepo. Akapita osawaona, chaka chamawa n'kutali kwa munthu amene wayamba kufunsa za matabwa. Agogo, ndagwira mwendo wanu.

Limbani


Senga Bay, 25 Ogasiti 2024

Limbani,

Tadzuka, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Kalata yako yafika mochedwa, ndathokoza Mulungu ndi misewu yoipa. Ikanafika msanga ndikanakulungira usipa osawawerengera. Iwe ukanakhala maso awo a ku Joni, ine maso awo a pakhonde, nanga awoawo akanawafuniranji?

Madokotala anafika Lolemba. Salome anabwera kudzawatenga, anamubweza. Lachiwiri anabwera a Habiba, anawabwezanso. Ine ndinapitiriza ntchito yanga. Lachitatu ndinatsegula pamene ajambula m'kati mwa injini ya boti la chikuto chobiriwira lija, masamba awiri odzaza, kachitsulo kalikonse ndi nambala yake. Ndinayamba kufotokoza. Nditafika pakati ndinati, "Apa pali kanthu, sindikudziwa kuti ndikafanizire ndi chiyani." Ndipo sikafananadi ndi chilichonse cha kukhitchini kapena cha m'mimba mwa nkhuku. Anati, "Kozungulira?" Ndinati pang'ono. "Kali ndi mano?" Ndinati mwina ndi mano, mwina ndi nthiti. "Kalumikizana ndi chiyani?" Ndinati ndi kanzake. Anamenya mpando. "Zaka zonsezi ndakhala ndi mkazi wa pakamwa ngati lumo, lero pa kachitsulo kamodzi mawu akutherani?" Ndinati, "Maso ndi anga, ndimaona zimene ndingathe. Ndipo musaiwale, lero chimodzi ndanama."

Kenako anati, "Diso la mbuzi limaona manambala?" Ndinati, "Mbuzi ya Limbani imaona chinangwa changa ili kutsidya kwa msewu." Anati, "Mawa muitane kabaza."

Ndinapita kukatembenuza usipa, kuti asaganize kuti ndimadikira zimenezo.

Lachinayi kabaza anatitula pamsewu, tinakwera minibasi mpaka ku Salima, iwo atavala jekete yako, magazini yobiriwira ili m'kati mwake. Anthu anali ambiri, nkhalamba zokhazokha zogwirana mapewa ngati sitima. Anawachita diso lakumanja lokha, akuti linalo ulendo wina. Sizinatenge nthawi, ndinali ndisanamalize ndi chinangwa chimene ndinagula pageti. Anatuluka ataphimbidwa thonje, akudandaula kuti sanamve kupweteka kulikonse, ngati kuti awabera.

M'mawa mwake namwino anamatula thonje lija. Ine ndinali nditaima patsogolo pawo, nditavala nsalu yako ya maluwa ofiira, poti zina zonse zinali zakuda. Anaphethira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anati, "Mwakalamba." Ndinati, "Inu dikirani akupatseni galasi." Kenako anapisa dzanja m'jekete. Namwino anawaletsa, akuti diso lipume kaye, zowerenga mpaka adzalandire magalasi. Iwo anati sakuwerenga, akungoona chikuto. Anachigwira atatalikitsa dzanja. Boti lili pamwamba pa bango, chifani chili m'khola mwake. M'minibasi monse amangoyang'ana mitengo ngati ndi yachilendo. Tili pafupi kutsika anati, "Chiwongolero chili kumbuyo kwa fani. N'chifukwa chake." Kupepesa kwa agogo ako ndi kumeneko, ndinalandira.

Papepala linalo alemba okha. Usaseke zilembo, n'zazikulu ngati za pa sitolo.

Enifa


Limbani mdzukulu wanga,

Ndine agogo ako Lameck. Ndikuona. Diso ndi langa lomwe, anangochotsa chophimba n'kuikamo kagalasi. Ntchito yaukhondo, ndikanakonda kuona zida zawo. Zikomo chifukwa cha katoni. Boti lija lingatheke kuno m'madambo, ndauza malume ako andifunire injini ya njinga yamoto yakufa.

Ndayamba kubwereza masamba onse amene agogo ako aakazi anandifotokozera. Beseni louluka lilimo. Wailesi ya m'chipewa ilimo. Nyumba yozungulira ilimo, mapaipi ake adutsa pakati. Bodza lawo sindinalipeze ngakhale limodzi. Uwafunse iwe, mwina angakuuze.

Lameck


Limbani,

Ndaona zimene alemba, poti envulopu womata ndine. Usandifunse. Magazini ndi ambiri, diso ndi limodzi. Akuti chaka chamawa madokotala akadzabwera adzakhala woyamba pamzere, chifukwa ndi maso awiri sindingawabisire kanthu. Ine ndati tidzaona.

Ntchito yanga yandithera. Tsopano amatsegula okha ndipo safuna kusokonezedwa, mkazi mnzanga wabwerera pamalo pake. Koma pali chimodzi. Bambo uja wa kapaipi, wokhoma boti m'nyumba, magazini yake yomaliza m'katoni muno ndi ya Okutobala 1958. Boti latha, wapaka ndi utoto womwe, iye waima pambali pake manja ali m'chiuno, akuyang'ana chitseko. Salome akuti pansi pake alemba kuti nkhani ipitirira mwezi wamawa.

Ukafufuzenso bwino kuseri kwa matayala a abwana akowo. Ya Novembala ikapezeka, pa envulopu usalembe dzina la agogo ako aamuna. Ulembe langa.

Enifa Nankhoma